Chitupa cha Machona a ku Chitungwiza

Pamene anyamata a ku Nyasaland ankatsikira ku Southern Rhodesia, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere amene boma la kumeneko linayambitsa m'zaka za m'ma 1930, chimene mzungu ankafuna kwa iwo poyamba chinali chala, pakuti dzina munthu akhoza kulisintha ali pa njira, koma mizere ya chala amapita nayo kumanda. Ankadinda chalacho, nalemba pa chitupa dzina la mfumu, la mudzi ndi la bwana wa ntchito. Ine sindingawaweruze makolo athu aja amene, pothawa mgodi wa njala ndi chikoti, ankataya dala chitupa kapena kugula cha mnzawo, nadzuka m'mawa ali ndi dzina lina, popeza chinyengo choterocho ndicho chinawapulumutsa.

Lamulo la kalembera la 1976 linabweretsa chitupa chachitsulo, chokhala ndi nkhope ndi nambala yakeyake, chovuta kufufuta. Ndipo pamene St Mary's, Zengeza ndi Seke zinalumikizidwa mu 1978 kukhala Chitungwiza, machona ndi ana awo anali momwemo, akulera mabanja ndi kuvina gule wamkulu. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma awa dzuwa linawatulukira osakamuka. Tsono chitupa chimene chinapangidwa kuti munthu asanamize boma ndicho chinayamba kumunamizira munthu, pakuti mwana wobadwira ku Zengeza, amene sanaponde konse ku Dedza kapena ku Mangochi, chinamulemba kuti ALIEN, mlendo m'dziko lomwe munakwiriridwa mchombo wake.

Choipitsitsa chinadza mu 2001, pamene lamulo linawapatsa miyezi 6 kuti akane unzika wa Malawi, umene ambiri sanakhalepo nawo. Olephera anachotsedwa m'kaundula, ndipo pa chisankho cha March 2002 sanavote. Malamulo aakulu a dziko a 2013, m'gawo 43, anavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanasindikizidwe, mwa kholo lochokera m'maiko a SADC, amenenso ankakhala m'dzikomo pa tsikulo, ndi nzika. Komabe wofuna kusintha chitupa chake ayenera kuonetsa kalata ya kubadwa, ndipo agogo amene anabadwira pa famu ya fodya, popanda namwino kapena mlembi, afunikabe kupeza mboni, pamene owadziwa ambiri anatsogola kale.