Makalata a ku Joni ali pansi pa bedi

Mwezi wathawu adada anandiimbira kuti ndipite kunyumba ku Lupaso. Sananene zambiri. "Ubwere Loweruka, makalata a mng'ono wanga sakutseguka." Mng'ono wawoyo anamwalira ku Joni zaka zitatu zapitazo, ndipo kuyambira 2009 mpaka pamene WhatsApp inafala, awiriwa ankalemberana pa imelo. Tsopano kumudzi kwabuka nkhani ya nyumba imene malemuwo anamanga ndi ndalama za ku Joni. Ena akuti ndi ya banja lonse. Adada akukumbukira kuti mwiniwake analemba kuti ndi ya ana ake, koma pabwalo la abale kukumbukira kokha sikukwanira.

Wolakwa ndinali ine. Chaka chatha nditawagulira laputopu yogwirapo kale ntchito, ndinakopera mafayilo awo onse pa fulashi, n'kuwauza kuti chikompyuta chakalecho akhoza kuchitaya. Sindinayese n'komwe kutsegula makalata aja. Onse anali m'fayilo imodzi yotchedwa Inbox.dbx, ndipo laputopuyo sinkadziwa chochita nayo. Mwayi wake adada sataya chinthu. Anangochikankhira pansi pa bedi.

Kuti mumvetse chimene chinachitika, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Imelo inafika m'Malawi intaneti yeniyeni isanafike. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ku Chancellor College ku Zomba, Dr Paulos Nyirenda a ku dipatimenti ya Physics ankayendetsa imelo kudzera pa njira yotchedwa FidoNet. Kompyuta inkasonkhanitsa makalata a anthu, kenako pa nthawi yoikika inkaimba foni kwa kompyuta ina yakunja, n'kupereka mtolo wake n'kulandira wina. Zinali ngati basi ya makalata, kungoti inkayenda pa waya wa foni. Mu 1997, chaka chomwe ine ndinabadwa, kampani ya MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti kwa anthu.

Ngakhale pamene ma dongo anafika m'makomo, khalidwe la kusonkhanitsa lija silinathe, chifukwa mayunitsi anali odula. Adada sankakhala pa intaneti kumawerenga kalata mayunitsi akutha, ayi. Ankalemba yankho lawo modekha ali osalumikiza, kenako n'kulowetsa dongo, kudina batani lotumiza ndi kulandira, n'kuzula msangamsanga. Pulogalamu imene inkawathandiza kuchita zimenezi inali Outlook Express, yomwe inkabwera pamodzi ndi Windows XP. Inkakoka makalata pa njira yotchedwa POP, ndipo ngati sunaiuze zina, ikakoka kalata inkaichotsa pa seva. Ndiye kuti kalata iliyonse ya bambo anga aang'ono inatsala malo amodzi okha padziko lonse: m'chibokosi chafumbi chija.

Pulogalamuyo sinakhalitse. Windows Vista itatuluka mu 2007 inabwera ndi Windows Mail. Anthu a Windows 7 ankagwiritsa ntchito Windows Live Mail, yomwe inasiya kusamalidwa mu January 2017. Windows XP nayo inali itasiyidwa kale pa 8 April 2014. Windows 10 inali ndi pulogalamu yake ya Mail, ndipo imeneyonso nthawi yake inatha pa 31 December 2024, malo ake n'kutengedwa ndi Outlook yatsopano. Werengani nokha: mapulogalamu asanu pa zaka zosakwana 25. Munthu amene anaphunzira imelo ali ndi zaka 45 wauzidwa kanayi kuti batani lomwe analizolowera lasamuka.

Ife achinyamata timaseka makolo athu pa zimenezi, eti sachedwa kusokonezeka. Koma taganizani. Ku National Archives ku Zomba mukhoza kuwerenga kalata imene bwanankubwa wachitsamunda analemba zaka 100 zapitazo, chifukwa pepala limangofuna maso basi. Kalata imene munthu wa ku Lupaso analandira mu 2010 imafuna magetsi, kompyuta yoyenera, ndi pulogalamu yomwe inasiya kupangidwa. Ife a kuno tikudziwa kuti pepala nalo limapsa: tinaona laibulale ya Mzuzu University itanyeka mu December 2015, pafupi pomwepa ku Luwinga. Koma moto umaoneka, anthu amathamangira. Makalata a m'kompyuta amatayika mwakachetechete, mwiniwake n'kudzazindikira tsiku lomwe akuwafuna.

Loweruka lija tinachitulutsa chikompyutacho, kuchipukuta, kubwereka monita kwa aneba. Kawiri konse chinangolira n'kuzima. Kachitatu chinadzuka, tsiku ndi chaka zitasokonekera chifukwa kabatire kam'kati kanatha kalekale. Ndinatsegula Outlook Express, makalata onse ali phee pamalo pake. Ndinapanga foda, n'kuyamba kuwakokera mmenemo ndi mausi. Ukatero kalata iliyonse imasanduka fayilo yakeyake ya .eml, imene mapulogalamu ambiri a lero, monga Thunderbird, amatsegula bwinobwino. Mtima unali m'mwamba poopa kuti magetsi angazime ntchito ili pakati.

Adada anakhala pambali panga magalasi ali pamphuno. "Pita ku 2012, chakumapeto," anatero. Tinaipeza. Inali yosakaniza Chitumbuka ndi Chingerezi monga ankalembera nthawi zonse, yonena za malata ndi simenti, ndipo chakumapeto kwake munali mawu aja onena za ana. Adada anaiwerenga kawiri osalankhula. Kenako anandiuza kuti nditsegule ina yapamwamba pake, yomwe sinkakhudza nyumba n'komwe, yongodandaula za kuzizira kwa mwezi wa June ku Joni.

Lolemba ndinapita ku Luwinga kukasindikiza makalata ofunikawo, makope awiriawiri. Ena onse ali pa fulashi, pa laputopu, ndiponso ndinadzitumizira ndekha pa imelo yanga. Kaya abale akaiona kalatayo agwirizana nayo, zimenezo tikazionera kumudzi mwezi wamawa.

Ngati kwanu kuli chikompyuta chakale chimene mukufuna kugulitsa kwa okonza, chiyatseni kaye. Funsani akuluakulu kuti ankalemberana ndi ndani, ndipo musanene kuti mwakopera zonse musanatsegule kalata ngakhale imodzi pa makina atsopanowo. Chathu chija adada achibwezera pansi pa bedi, ndipo ulendo uno sindinawatsutse.