Galu wanu akafa: kulira, kudikira ndi kulandira kagalu katsopano

Mwina zinakuchitikiranipo. Mwadzuka m'mawa, mwatsegula chitseko, koma pakhonde pali zii. Galu amene ankakulonjerani ndi mchira palibe. Mbale yake ili pomwepo. Ana akufunsa, inu mawu akusowani.

Nkhani ino ndi yanu. Ikufotokoza za chisoni chimenechi, za mmene mungatayire galu wakufa, ndi za mmene mungalandirire kagalu katsopano kuti kasafe imfa ya mnzake uja.

Kodi kulira galu n'kochititsa manyazi?

Ayi ndithu. Ena adzakusekani. Adzati, "Aaa, galu yemweyo? Tengani wina basi." Koma iwo sanakhale naye. Galu wosamalidwa bwino amakhala ndi moyo zaka 10 mpaka 13. Zaka zimenezi si zochepa. Mwana wobadwa chaka chimodzi ndi galuyo amakhala ali pafupi kumaliza sukulu ya pulayimale.

Zaka zonsezo galuyo anali pantchito. Inu muli m'tulo, iye ali maso. Ankadziwa kayendedwe ka mwini nyumba ndi ka mlendo. Ankapirikitsa mbuzi za eni zobwera kudzadya ufa woyanika. Paja akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Wanuyo akauwa usiku, munkadziwa kuti kunja kuli kanthu.

N'chifukwa chake mtima umawawa. Ena amasowa tulo. Ena amaiwala, n'kumusungira mkute ngati kale. Ena amadziimba mlandu kuti, "Ndikanamumangirira tsiku lija." Zonsezi zimachitika, ndipo zimachepa pang'onopang'ono. Uzani mnzanu amene naye anawetapo galu. Iye amvetsa.

Muwauze chiyani ana?

Auzeni zoona. Musanene kuti galu wathawa kapena wapita kumudzi. Mwana adzakhala akuyang'ana kumsewu tsiku ndi tsiku. Nenani mawu osavuta: "Galu wathu wafa, sabweranso." Mwana akalira, musamukalipire. Kwa ana ambiri imeneyi imakhala imfa yoyamba kuiona pafupi. Akaona kuti nanunso zakukhudzani, amadziwa kuti chisoni si mlandu.

Kukwirira galu wakufa

Musamutaye kudzala, m'ngalande kapena mumtsinje wa Zambezi. Kuno ku Tete kumatentha, ndipo chakufa sichichedwa kununkha ndi kuitana ntchentche. Komanso agalu ena akadya, akhoza kutenga matenda kapena poizoni amene anapha wanuyo.

Chitani izi:

1. Valani mapepala a pulasitiki m'manja musanamugwire.
2. Kumbani dzenje lakuya pafupifupi mita imodzi, kutali ndi chitsime ndi mtsinje.
3. Kwirirani bwino, n'kuikapo miyala kuti agalu ndi nkhumba asafukule.
4. Sambani m'manja ndi sopo.

Chinamupha n'chiyani?

Ili ndilo funso lalikulu. Musanabweretse kagalu kena, liyankheni kaye. Chimene chinapha woyamba chikhoza kukhala chidakali pakhomo panu.

Galimoto. Msewu waukulu wochokera ku Tete kupita ku Moatize ndi ku Zóbuè umadutsa malole ambiri usana ndi usiku. Ngati mumakhala pafupi nawo, monga ku Matundo kapena ku Chingodzi, tsekani mipata ya mpanda wanu.

Poizoni. Galu akhoza kufa akadya nyambo ya makoswe, kapena khoswe amene wafa ndi mankhwalawo. Sungani mankhwala a makoswe ndi a m'munda pamalo okwera.

Kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu. Amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu lilime lili kunja. Akamangidwa padzuwa popanda madzi, akhoza kufa tsiku lomwelo.

Nkhupakupa. Zimayamwa magazi ndi kupatsira matenda. Galu amafooka, amakana chakudya, nkhama zake n'kuyera.

Kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi. Kwa tiagalu, nthawi zambiri amenewa amakhala matenda otchedwa parvo. Amapha msanga, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ngakhale chaka.

Chiwewe. Awa ndi matenda oopsa kuposa onse, chifukwa amaphanso anthu.

Za chiwewe muzidziwe bwino

Pa zikwangwani za Chipwitikizi mudzaona mawu akuti raiva. Ndicho chiwewe. Mawu akuti cão ndi galu, amene anzathu olankhula Chinyungwe amati mbwaya. Mawu akuti vacina ndi katemera.

Galu wachiwewe amasintha khalidwe. Wofatsa amayamba kulusa ndi kuluma chilichonse, ngakhale mtengo. Wina salusa, amangofooka miyendo, kukamwa kuli yasa, dovu likutuluka. Zizindikiro zikayamba, amafa pasanathe masiku 10.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama yoganiziridwa chiwewe, anayi amakhala ana osakwana zaka 15.

Ngati galu wanu anafa ndi zizindikiro zimenezi, musamugwire ndi manja. Dziwitsani a zaziweto kapena mlembi wa bairro lanu. Kenaka funsani aliyense pakhomo, makamaka ana: kodi anakuluma, anakukanda, kapena anakunyambita pachilonda? Funsani mofatsa. Mwana woopa kukwapulidwa amabisa. Aliyense amene wayankha kuti inde apite kuchipatala lero lomwe, ngakhale bala litapola kale. Kachilombo kamatha kukhala m'thupi miyezi iwiri kapena itatu munthu akuoneka bwinobwino. Koma zizindikiro zikangoyamba, palibenso mankhwala.

Munthu akalumidwa ndi galu aliyense, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musapakepo tsabola, phulusa kapena ubweya wowotcha. Mukatero thamangani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Hospital Provincial de Tete. Katemera wa munthu wolumidwa si wachilendo ayi. Anayamba mu 1885 ku France, pamene Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wa zaka 9 amene analumidwa ndi galu wachiwewe. Pa 28 Seputembala, tsiku limene Pasteur anamwalira, dziko lonse limakumbukira za kulimbana ndi chiwewe.

Mudikire nthawi yaitali bwanji?

Mtima ulibe kalendala. Ena amatenga kagalu pakatha mwezi, ena pakatha chaka. Nthawi yabwino ndi pamene mukufuna galu wina, osati yemwe uja. Funsaninso a pabanja panu. Amene adzaphike phala la kagaluko ndi kukolopa zonyansa zake akhale atavomera. Paja walira mvula walira matope.

Koma ngati woyamba anafa ndi kutsegula m'mimba kwa magazi, musafulumire. Tenthani masaka amene ankagonapo. Tsukani mbale zake ndi pansi pa simenti ndi javel, amene ena amati jiki: kapu imodzi ya javel m'makapu 30 a madzi. Dothi lokha silitsukika. Choncho dikirani miyezi yambiri, kapena tengani galu wosinkhukirapo amene anamaliza kale katemera wa parvo.

Kusankha kagalu

Musatenge kagalu kosakwana masabata 8. Tiagalu timabadwa maso ali otseka, ndipo timayamba kuona pakatha masiku 10 mpaka 14. Mkaka wa make umakateteza ku matenda. Kakamasewera ndi abale ake, kamaphunzira kuti kuluma kwambiri n'kolakwa.

Pitani mukaone make wa kagaluko ndi maso anu. Funsani ngati analandira katemera wa chiwewe. Kagalu kogula m'mbali mwa msewu simudziwa kumene kachokera.

Kagalu kathanzi kamakhala kotere: maso owala opanda manthongo, nkhama zofiirira, ubweya wosathothoka, ndipo kamasewera. Kamene kali ndi mimba yaikulu koma nthiti zili poyera, kali ndi njoka za m'mimba.

Musanyoze galu wamba wa kumudzi, wa ubweya waufupi uja. Amapirira kutentha kwa kuno kuposa agalu a ubweya wambiri ochokera kumaiko ozizira, ndipo salira zambiri.

Masiku oyamba pakhomo

Usiku woyamba kadzalira. Kasowa make. Musakamenye. Kayalireni saka kapena chovala chakale mu katoni, pamalo opanda mphepo pafupi ndi inu. Pakapita masiku ochepa kadzazolowera.

Madzi akhalepo nthawi zonse, pamthunzi. Masana dothi la kuno limawotcha. Ngati inu simungapondepo opanda nsapato, nako kagalu kakupsa mapazi.

Nsima yokha siikwanira. Phikani phala, muikemo kapenta wosinja, dzira lophika kapena tizidutswa ta nyama. Kadye kanayi patsiku mpaka miyezi itatu, katatu mpaka miyezi 6, kenaka kawiri. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri. Musakapatse mafupa a nkhuku ophika, chifukwa amasweka n'kubaya m'matumbo. Anyezi ndi chokoleti ndi poizoni kwa galu.

Kakamaliza kudya kapena kakangodzuka, katulutseni kupita pamalo amodzi omwewo. Kakadzithandiza pamenepo, kayamikireni ndi kukasisita. Galu amaphunzira msanga ndi kuyamikiridwa kuposa ndodo. Galu wokulira ndodo amakhala wamantha, ndipo galu wamantha ndiye amaluma.

Phunzitsaninso ana. Asakakoke mchira. Asakasokoneze kakamadya kapena kakamagona. Asambe m'manja akatha kusewera nako.

Masiku oyenera kuwakumbukira

Masabata 6 mpaka 8: katemera woyamba wa parvo ndi matenda ena a tiagalu. Amabwerezedwa pakatha masabata atatu kapena anayi, monga angakuuzireni dokotala wa ziweto. Kasanamalize katemerayu, kasamayende m'misewu.

Mpaka miyezi itatu: mankhwala a njoka za m'mimba masabata awiri alionse. Kenaka mwezi uliwonse mpaka miyezi 6. Kakakula, miyezi itatu iliyonse.

Miyezi itatu: katemera wa chiwewe. Muzibwereza chaka chilichonse. Boma limachititsa kampeni ya katemerayu kwaulere. Mverani wailesi ya Rádio Moçambique ya kuno ku Tete, kapena funsani mlembi wa bairro. Kumaboma monga Angónia ndi Tsangano, funsani ku ofesi ya SDAE. Kampeni ikafika, pitani nako ngakhale kali kakang'ono, a katemera akaone okha. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 alionse akalandira katemera, chiwewe chimaleka kufala m'deralo. Ndiye uzaninso a nyumba yoyandikana nanu.

Miyezi 6: galu wamkazi akhoza kuyamba kufuna amphongo. Bere lake limatenga masiku pafupifupi 63. Ngati simukufuna tiagalu tambiri, funsani dokotala wa ziweto za opaleshoni yotseka kubereka. Wamphongo akafulidwa amachepetsa kuyendayenda ndi kumenyana.

Pepala la katemera lisungeni pamodzi ndi mapepala a kuchipatala a ana. Galu wanu akadzaluma munthu, pepala limenelo lidzakuyankhulirani. Pezaninso kope laling'ono. Lembanimo dzina la kagalu, tsiku limene kanabwera, ndi tsiku la mankhwala alionse.

Chenjezo lina: mankhwala a nkhupakupa a ng'ombe ndi mbuzi akhoza kupha kagalu. Musayerekeze nokha muyeso wake. Mapiritsi a anthu ochepetsa ululu nawonso musakapatse. Funsani kaye. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kagaluka si galu uja

Kapatseni dzina lakelake. Mukakapatsa dzina la womwalira uja, tsiku lililonse mudzakhala mukukayerekeza ndi iye. Mudzati, "Uja sankatafuna nsapato." Mwaiwala kuti nayenso anali kamwana, ndipo anatafuna zake.

Tsiku lina kagaluka kadzagona pamalo pamene mnzake ankagona, inu mtima n'kuwawanso. Palibe cholakwika. Kukonda katsopanoka sikutanthauza kuti mwaiwala wakale. Zimene munaphunzira pa imfa yake, kaya ndi mpanda, kaya ndi mthunzi, kaya ndi katemera, ndizo zidzasunge moyo wa kameneka.

Kambiranani ndi anzanu

1. N'chifukwa chiyani tiyenera kudziwa chimene chinapha galu tisanatenge wina?
2. Mwana wanu walumidwa ndi galu. Muchita chiyani choyamba, ndipo kwa mphindi zingati?
3. Kagalu kabadwa pa 1 Juni. Kadzalandira katemera wa chiwewe mwezi uti? Lembani yankho m'kope lanu.