Mfuti Ili ndi Nambala, Chikwanje Chilibe

Amaveni ndi lokeshoni yakale ya mumzinda wa Kwekwe ku Zimbabwe, kufupi ndi mgodi wa golide wa Globe and Phoenix. Mabanja ambiri kumeneko ndi zidzukulu za matchona amene adachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'migodi. Lero golideyo akukumbidwa kwambiri ndi makorokoza, anthu odzikumbira okha m'mauna akale, ndipo pakati pawo padabuka magulu olanda miyala ya golide ndi zikwanje. Anthu amawatchula maShurugwi, ngakhale si onse kwawo n'ku Shurugwi. Munthu wa ku Amaveni akamakamba za chitetezo, chimene chimayamba kumufikira m'mutu ndi chikwanje, mfuti imabwera pambuyo.

Komatu lamulo limadziwa bwino mfuti. Pansi pa Firearms Act, wofuna mfuti amapempha chiphaso ndipo amayenera kupereka chifukwa chogwira mtima: mlimi woteteza ziweto, wamalonda wonyamula ndalama zambiri, mwini mgodi. Dzina lake ndi nambala ya mfutiyo zimalowa m'kaundula wa apolisi. Ku America kuli chiphaso china choyendera ndi mfuti yobisa m'zovala, ndipo mu 2022 khoti lalikulu kumeneko lidagamula kuti kuyenda ndi mfuti yodzitetezera ndi ufulu wa nzika. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe alibe ufulu wotero. Chiphaso ndi chilolezo chabe, wopereka atha kulandanso. Mu 2022 boma lidapereka mpata, kuyambira pa 8 Ogasiti mpaka pa 30 Sepitembala, woti osunga mfuti zopanda mapepala akazitule osaimbidwa mlandu, ndipo zidatuluka zoposa 500.

Chikwanje chilibe nambala, chilibe kaundula, amachigula pamsika ngati khasu. Chida cha apolisi pamenepa ndi chiletso chimene lamulo la Maintenance of Peace and Order Act la 2019 limapatsa mkulu wa apolisi wa dera: atha kuletsa anthu kuyenda ndi zikwanje, nkhwangwa, zibonga, mipeni ndi malegeni kwa nthawi yosapitirira miyezi 3. Ziletso zotere zidachuluka wapolisi wina ataphedwa ndi gulu la zikwanje pamgodi wa ku Battlefields mu Disembala 2019. Zimathandiza ndithu. Koma taganizani za mnyamata amene wagwidwa m'mawa chikwanje chili m'thumba. Akupita kukalambula kumunda kapena kukalanda? Wogamula pamsewupo ndi wapolisi yekha, ndipo paliponse pamene munthu mmodzi amagamula yekha, ziphuphu sizikhala patali.

Apa ndi pamene anthu amasakaniza zinthu ziwiri. Pali kuthandiza apolisi, palinso kuyang'anira apolisi. A nebahudi amene amalondera usiku, makomiti a anthu a m'dera, mabokosi oponyamo makalata a chinsinsi, zonsezi ndi zothandiza: zimapatsa wapolisi maso ndi makutu. Wa nebahudi amalandira malangizo kupolisi, ndiye sangakafunse kuti munthu uja mudamugwira dzana ndi chikwanje chamagazi watuluka bwanji lero. Nalo bungwe la Police Service Commission ntchito yake ndi kulemba anthu ntchito ndi kuona za kagwiridwe kake, si nyumba yolirirako mayi amene mwana wake wamenyedwa m'chitokosi.

Kuyang'anira kwenikweni kudalembedwa m'gawo 210 la malamulo oyendetsera dziko a 2013, limene lidalamula kuti pakhale njira yoima payokha yolandirira madandaulo okhudza apolisi, asilikali, akazitape a boma ndi oyang'anira ndende. Kulemba kudafulumira, kuchita kudachedwa. Mu 2020 khoti loona za malamulowa lidachita kulamula boma kuti litulutse bilu yake. Lamulo lokhazikitsa Zimbabwe Independent Complaints Commission lidabwera mu 2022, ndipo makomishonala, motsogozedwa ndi jaji wakale Webster Chinamora, adalumbira mu 2024, patatha zaka 11. Ife a ku Malawi tisaseke: bungwe lathu lotere lidalembedwa m'lamulo la apolisi la 2010, nkudzayamba ntchito patapita zaka pafupifupi khumi.

Mawu oti "loima palokha" onena za bungwe la ku Zimbabwe lija ndi ofunika kuwayesa. Makomishonala amaikidwa ndi Pulezidenti, yemwenso ali pamwamba pa nthambi zimene akuzifufuza. Ine ndingaliyese bungweli ndi mafunso apansipansi: kodi wodandaula angalifikire osadutsa pakauntala ya polisi imene akuidandaulayo? Nanga akabwerera ku Amaveni, makilomita oposa 200 kuchokera ku Harare, amuteteza ndani?

Kwa zidzukulu za matchona pali chopinga china. Kwa zaka zambiri zitupa zawo zidalembedwa kuti alien, mlendo, ngakhale mchombo wawo udagwera ku Kwekwe komweko. Gawo 43 la malamulo a 2013 lidawazindikira kuti ndi nzika, koma alipo amene mpaka pano sadasinthitse chitupa. Munthu wotere akamenyedwa ndi wapolisi amayamba waganiza kaye kuti pokadandaulapo adzamufunsa chitupa chomwecho.