Kuwotcherera si kuwotcha

Owerenga ena afunsa ngati n'koyenera kunena kuti "ndikuwotcha pikapu". Ayi ndithu, pokhapokha ngati mwatopa nayo! Timawotcha chimanga, mbatata kapena zinyalala. Kulumikiza zitsulo ndi moto ndiye kuwotcherera. Mawuwa achokera ku kuwotcha komweko, kungoti apa chitsulo chimasungunuka n'kugwirana ndi chinzake.

Tiyerekeze Datsun yakalekale yaima pakhomo, dzimbiri ladya kumunsi kwa chitseko. Mumadula podyekapo n'kuikapo chigamba cha lata. Latalo n'lopyapyala, ndiye powotcherera musapupulume: dontho apa, dontho apo, kenaka kudikira lizizire. Mukaliwotcherera mzere umodzi limapindika, mwinanso kubowoka kumene. Batire yambani mwachotsa, ndipo thanki ya petulo italikirane ndi motowo.