Zotsalira za chakudya ku Bwanje: ntchito yake ndi zoyenera kusamala

Chigwa cha Bwanje, kumunsi kwa mapiri a Dedza cha kunyanja, chimadziwika ndi mpunga. Sikimu ya mthirira ya Bwanje ku Mtakataka, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndi ya mahekitala 800 ndipo imamwa madzi a mtsinje wa Namikokwe. Kochuluka zokolola kumachulukanso zotsalira: mankhusu ndi madeya pa zigayo, mango ogwa okha mu Disembala, komanso tomato ndi masamba ovunda m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M5 monga wa Golomoti.

Mu 2011 bungwe la FAO linayerekeza kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha padziko lonse limawonongeka kapena kutayidwa. Zambiri mwa zotsalirazi zingasanduke manyowa, chakudya cha ziweto kapena makala, koma phindu lake limadalira kusankhula. Chotsalira chopita kosayenera chingaphe ziweto ndi kudwalitsa anthu.

Manyowa

Makoko a zipatso, masamba ovunda ndi mapesi a mpunga amapanga kompositi. Mlimi amayala zouma ndi zaziwisi mosinthanitsa, kuthirapo ndowe ndi madzi pang'ono, n'kumatembenuza mulu kuti mulowe mpweya. Mulu wopangidwa bwino umatentha kufika madigiri 55 kapena kuposa, ndipo kutenthaku n'kumene kumapha tizilombo toyambitsa matenda ndi njere za udzu. Kamtengo kozikidwa pakati pa mulu kakatuluka kozizira m'masabata oyamba, ndiye kuti mulu wauma kapena wanyowa kwambiri. Mankhusu a mpunga amachedwa kuwola, choncho asachuluke.

Nyama, nsomba ndi mafuta siziyenera kulowa mu mulu chifukwa zimaitana makoswe, agalu ndi ntchentche. Popeza chigwachi chimasefukira madzi nthawi ya dzinja, mulu ukhale pamalo okwera, kutali ndi zitsime ndi mijigo. Alimi ambiri m'dziko muno amapanganso manyowa a Mbeya posakaniza madeya, ndowe, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kumanga m'thumba lapulasitiki kwa masiku 21.

Chakudya cha ziweto

Madeya a chimanga ndi a mpunga ndi chakudya chabwino cha nkhuku ndi nkhumba ngati ali ouma. Akachita chuku angakhale ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale chakudyacho chiphikidwe. Ng'ombe kapena mbuzi ikadya, poizoniyu amadutsa mpaka mu mkaka umene ana amamwa. Madeya a mpunga ali ndi mafuta ambiri, kotero sachedwa kusasa m'nyengo yotentha ya kunyanja, ndipo sayenera kusungidwa nthawi yaitali.

Zotsalira za m'malesitilanti ndi kwa okazinga nyama n'zoopsa kwambiri kwa nkhumba. Kachilombo ka chigodola kamakhala kwa nthawi yaitali mu nyama ya nkhumba yaiwisi kapena yosapsa, ndipo kanthuli kamodzi kangathe khola lonse. Chigodola sichigwira anthu, koma chilibe mankhwala. Njira yotetezeka ndi kusapatsa nkhumba zotsalira zotere. Ngati palibe kuchitira mwina, ziwiritsidwe kwa ola lathunthu uku zikutakasidwa. Makoko a chinangwa chowawa aviikidwe kapena kuyanikidwa mpaka aumitsitse, chifukwa aawisi ali ndi poizoni wa cyanide.

Makala a mankhusu

Mankhusu amaotchedwa mu mgolo wolowa mpweya wochepa mpaka ade osasanduka phulusa. Kenaka amasinjidwa, kusakanizidwa ndi phala la ufa wa chinangwa kuti agwirane, kuumbidwa ndi kuyanikidwa padzuwa. Makalawa amachepetsa kudula mitengo m'mapiri momwe mumachokera mitsinje yothirira mpunga. Koma monga makala ena onse, amatulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide, womwe suoneka ndiponso sununkha. Mbaula isayake m'nyumba yotseka zitseko ndi mawindo, makamaka anthu akamagona.

Kusankhula ndi ukhondo

Zotsalira zisankhulidwe tsiku lomwelo, zisanasakanikirane ndi mapulasitiki, magalasi, mabatire kapena mabotolo a mankhwala a mbewu. Ogwira ntchitoyi avale zoteteza manja ndi kusamba ndi sopo akamaliza. Manyowa osapsa asathiridwe pa masamba odya osaphika. Mlimi wokayikira za madeya kapena ziweto zodwala afunse mlangizi wa zaulimi kapena wa ziweto wa m'dera lake asanagulitse kapena kudyetsa.