Bwalo la ndege la Likoma

Bwalo la ndege la Likoma ndi bwalo laling'ono lomwe lili pa chilumba cha Likoma m'nyanja ya Malawi. Zilembo zake za IATA ndi LIX, pomwe za ICAO ndi FWLK. Chilumbachi ndi gawo la dziko la Malawi ngakhale chazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique.

Mbiri

Amishoni a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA adakhazikitsa likulu lawo ku Likoma m'zaka za m'ma 1880. N'chifukwa chake chilumbachi chidakhala m'manja mwa Angerezi mpaka Malawi adalandira ufulu mu 1964. Kalelo anthu ankafikako pamadzi basi, ndipo sitima ya Ilala, yomwe idayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, idakali yodalirika mpaka lero.

Kayendetsedwe

Bwaloli lili ndi msewu umodzi wa tala wokwanira ndege zazing'ono zokha. Zambiri zimachokera ku bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, ndipo ulendowo umatenga pafupifupi ola limodzi. Kampani ya Ulendo Airlink idali imodzi mwa omwe ankaulutsa ndege kumeneko.

Ambiri mwa okwera ndege amakhala alendo odzaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's ndi magombe a mchenga, ndipo ndalama zawo zimathandiza malo ogona ngati Kaya Mawa. Koma mtengo wa tikiti ndi wokwera, choncho eni chilumbachi amayendabe pa sitima ndi maboti popita ku Nkhata Bay.