Mtunda wa Pakati pa Chikuta ndi Chipatala ku Nsipe

Munthu wochokera pa boma la Ntcheu, akamatsika ndi msewu waukulu wa M1 kulowera ku Balaka, mapiri a Mvai ndi Dzonzi atatsalira kudzanja lamanja, dziko nkuyamba kuyala minda ya chimanga, mtedza ndi nandolo, amafika pa Nsipe, pamene pali tchalitchi cha Akatolika, sukulu, msika ndi chipatala cha mishoni. Dzina la malowa lidalowa m'khutu la Mmalawi aliyense pa 17 Juni 2024, tsiku limene thupi la Dr Saulos Chilima, amene adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, lidaikidwa m'manda kwao. Koma Nsipe ali ndi mbiri inanso, yosalizidwira ng'oma, imene eni ake ndi amayi, chifukwa ndiwo adayenda mtunda wonse wochokera m'chikuta cha pamudzi kukafika pabedi la m'chipatala, ulendo umene udatenga zaka pafupifupi zana limodzi, ngakhale kuti kwa ambiri a iwo nyumba ziwirizi zidatalikirana mtunda wongoyenda m'mawa umodzi.

Kale, m'midzi ya Angoni a Maseko ndi ya anthu amene Angoniwo adawapeza m'dziko lino, kubereka kudali ntchito ya ntchembere zokha, ndipo mwamuna, ngakhale mwini pakatiyo, matenda akayamba ankapita kukakhala kutali nadikira mthenga. Azamba adali amayi okhwima, odziwa kusisita mimba, kukhazika mtima wa namwali amene akuona zimenezi koyamba, ndi kusamala mwana kufikira mchombo utagwa ndi tsiku lotuluka m'chikuta litakwana. Sitiyenera kuwanyoza, pakuti mibadwo yonse ya makolo athu idadzera m'manja mwao. Komabe choonadi chiyenera kunenedwa: mwana akapingasa, kapena nsengwa ikakana kutuluka, kapena magazi akayamba kutayika osaleka, nzeru za m'chikuta zinkafika pamapeto, ndipo m'malo mwa thandizo pankadza mafunso, poti anthu ankakhulupirira kuti kuchedwa kuchira ndi chizindikiro chakuti mkazi kapena mwamuna wake adayenda njira zosayenera, tsono mayi amene moyo wake unali kale pampeni ankaumirizidwa kuulula maina, kwinaku akummwetsa mwanamphepo, mankhwala olimbitsa zowawa amene nthawi zina amang'amba chiberekero. Mchombo ankadula ndi bango kapena mpeni wosaphikidwa, ndipo ana ambiri ankatengedwa ndi kafumbata sabata isanathe, anthu nati ndi tsempho.

Mankhwala a Azungu adalowa m'boma la Ntcheu pambuyo pa Uthenga Wabwino. Dr George Henry wa mishoni ya Livingstonia adakhazikika m'chigwa cha Livulezi mu 1887, nachiritsa anthu kumeneko kufikira imfa yake mu 1893. Abaptisti adamanga ku Gowa, a Zambezi Industrial Mission ku Ntonda, ku Chiole ndi ku Dombole, ndipo Adatchi adadza ku Mlanda. Mu Julayi 1901, patangopita zaka zisanu chiphedwere Inkosi Gomani woyamba ndi asilikali a Angerezi, ansembe atatu a chipani cha Montfort, Bambo Pierre Bourget, Bambo Auguste Prézeau ndi Bambo Antoine Winnen, adalandiridwa ndi Inkosi Njobvuyalema pa Nzama, ndipo mu 1904 asisiteri a Daughters of Wisdom adawatsatira m'dziko muno kudzaphunzitsa ndi kusamala odwala. Mishoni ya Nsipe ndi mphukira ya ntchito ya Amonfotiwo, ndipo idadzakhala mbali ya dera la Dedza pamene deralo lidapatsidwa kwa Ambuye Cornelius Chitsulo mu 1956, Mmalawi woyamba kukhala wansembe ndiponso woyamba kukhala episkopi.

Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo anthu sadachedwe kuona kuthwa kwa kalumoko pa zilonda zosapola, pa maso, pa mphere ndi pa malungo. Odwala khate nawo adapeza pothawira ku Mua ndi ku Utale. Koma chilonda cha pamwendo munthu amaonetsa aliyense, pamene uchembere uli ndi mwambo wake, manyazi ake ndi eni ake. Nchifukwa chake ntchembere yomweyo imene inkanyamula mdzukulu wake kukalandira mankhwala a chifuwa kumishoni sinkalola kuti mwana wake wamkazi akachirire m'manja mwa alendo, makamaka asisiteri amene sadaberekepo. Ndipo ngati ankapita naye, ankapita tsiku lachiwiri kapena lachitatu la matenda, atamnyamula pamachira a nsungwi ndi chiguduli, amuna anayi akulandizana m'njira zokwera ndi zotsika, mwinanso kudikira pagombe kuti madzi a mtsinje aphwe. Wofika mochedwa chotere kawirikawiri ankafera pakhomo pa chipatala, ndipo mbiri inkabwerera kumudzi yakuti kuchipatala nkumene anthu amakafera, motero kuchedwa kunkabala imfa, imfa nkubala mantha, manthawo nkubalanso kuchedwa kwina.

Boma la atsamunda, limene linkatolera msonkho wa nyumba mosaphonya chaka, lidachedwa kubweza kanthu kooneka pa zaumoyo. Timadisipensale ta m'midzi tidayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1920, mliri wa chimfine wa 1918 ndi 1919 utasesa kale anthu osawerengeka, ndipo nkhope ya boma imene wakumudzi ankaidziwa bwino idali ya wotemera nthomba, woyenda mudzi ndi mudzi. Otemerawo ndiwo makolo a antchito amene lero timawatcha alangizi a zaumoyo: kolera atalowa m'dziko mu 1973 boma lidalemba anthu ena onga iwo kuti alimbane naye, ndipo pang'onopang'ono ntchito yao idakula kufikira kuyeza ana kusikelo, kupereka katemera, kuthira mankhwala m'zitsime ndi kuwerenga mabanja.

Dziko litalandira ufulu, zipatala za mipingo zidadzisonkhanitsa mu 1966 m'bungwe limene pambuyo pake lidatchedwa CHAM, ndipo chipatala cha Nsipe chili m'gulu limeneli pamodzi ndi cha Nzama, cha Gowa, cha Mlanda ndi zina zambiri za m'boma la Ntcheu. Apa padabuka mtunda wamtundu wina, wosayezedwa ndi mapazi. Chipatala cha boma nchaulere, pamene cha mishoni, kuti chigule mankhwala ndi kudzisamala, chimalandira kangachepe. Koma kangachepe ka munthu wapantchito ndi nkhuku yomaliza ya mlimi m'mwezi wa Febuluwale, nkhokwe itapepuka ndipo malungo ali pachimake. Mabanja ena ankadutsa pakhomo pa chipatala chapafupi ndi wodwala wao panjinga, kulunjika kuboma kumene sakalipira, ndipo ena, poona kutalika kwa njira ndi kuperewera kwa thumba, ankangobwerera kwa mzamba, amene ankalandira nkhuku, ufa kapena lonjezo chabe. Boma lenilenilo lidavomereza kuti zinthu zili chomwechi, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 lidayamba kuphunzitsa azamba za ukhondo ndi za zizindikiro zoopsa, nkuwapatsa timabokosi ta zipangizo.

Kenaka kudadza zaka zowawa. Nkhondo ya ku Mozambique idathamangitsira miyandamiyanda ya anthu m'boma la Ntcheu, limene mbali ina ya malire ake a kumadzulo ndi msewu chabe, ndipo othawawo adakhala nafe kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980 kufikira mtendere wa 1992 utakhazikika, akugawana nafe nkhuni, zitsime ndi mabedi a m'zipatala. Nthawi yomweyo Edzi, imene idapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, idalowa m'nyumba ndi nyumba, nitenga anamwino ndi aphunzitsi pamodzi ndi odwala ao. Kafukufuku wa boma wa chaka cha 2000 adapeza kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira chifukwa cha uchembere, ndipo wa 2004 adapeza 984. Ziwerengero zimenezi zidaika Malawi pakati pa maiko oopsa koposa kuberekeramo pa dziko lonse lapansi.

Zimene zidatembenuza zinthu zidadza motsatizana. Mu 2004 boma lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwaulere. Kuyambira 2006 maofesi a zaumoyo a m'maboma adayamba kuchita mapangano ndi zipatala za CHAM, akuti mayi woyembekezera ndi mwana wakhanda azithandizidwa osalipira, boma nkumabweza ndalamazo. Mu 2007 azamba adaletsedwa kubereketsa, ndipo ngakhale Pulezidenti Bingu wa Mutharika adafewetsa chiletsocho mu 2010, njira idali itapendekera kale kuchipatala. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silidziwa khomo la nyumba imene muli mtsikana wobisa pakati pake m'chitenje, ndipo apa mpamene dera loyandikana ndi Nsipe lidaphunzitsa dziko lonse kanthu.

Mfumu ya deralo, Inkosi Kwataine, amene asanalowe ufumu adali mphunzitsi, adazindikira kuti mkazi wakumudzi sasankha yekha kokachirira, koma amamsankhira ndi amayi ake, apongozi ake, anankungwi ndi mwamuna wake. Choncho m'malo mokalipira amayi oyembekezera, amene alibe mphamvu pa nkhaniyi, adapita kwa eni mphamvuwo. M'mudzi uliwonse mudasankhidwa amayi achinsinsi, ntchembere zodalirika zimene mkazi amakaziuza mwakachetechete akangodziona kuti waima, poti mwambo wathu sulola kulengeza pakati poyera kuopa anthu oipa. Ndipo ntchemberezo zimamlondola kuti wayamba sikelo nthawi yabwino, kuti akumwa mankhwala ake, ndi kuti mwezi wake ukayandikira wanyamuka kupita kuchidikiro. Nyakwawa ndi magulupu adapatsidwa udindo woyankha pa imfa iliyonse ya uchembere m'midzi mwao, mau olimbikitsa uchembere wabwino adalembedwa pazipupa za nyumba, amuna adauzidwa pabwalo kuti kuperekeza mkazi kusikelo si kudyetsedwa mankhwala, ndipo banja lochiritsa mayi pakhomo lidayamba kulipitsidwa chindapusa cha nkhuku kapena mbuzi. Nzeru yaikulu pamenepa njakuti Inkosiyo sidagwetse mwambo, koma idatenga anthu omwe aja amene kale ankatseka chitseko cha chikuta niwasandutsa otsogolera njira ya kuchipatala. Mbiri itamveka yakuti m'dera lake mwapita zaka popanda mayi womwalira pobereka, Pulezidenti Joyce Banda, poyambitsa ntchito yake ya uchembere wabwino mu 2012, adaika Inkosi Kwataine patsogolo pa mafumu a dziko lonse pa nkhaniyi. Pofika 2010 chiwerengero chija cha amayi omwalira chifukwa cha uchembere m'dziko lonse chidali chitatsika kufika pa 675, ndipo kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adapeza 439, amayi 91 pa 100 alionse akuchirira kuchipatala. Imfa za ana osafika zaka zisanu, zimene mu 1992 zidali 234 pa 1,000 alionse, zidatsika kufika pa 63.

Ine ndimalemekeza ntchito imeneyi ndi mtima wonse, koma za chindapusa mtima wanga sukhazikika. Mayi amene wachirira panjira chifukwa mlatho wakokoloka, kapena chifukwa mwamuna wake ali ku Joni ndipo palibe womlipirira kabaza usiku, sadachimwire mfumu. Ndipo kumlanda mbuzi ndiko kulanga umphawi, pamene amene adalephera kukonza mlathowo sapereka ngakhale dzira. Mafumu ena anzeru amayamba afunsa chimene chidachitika asanagamule, ndipo ameneyo ndiye mfumu woweruza molungama; koma alipo ena amene adaona m'lamuloli khomo lopezera ndiwo, ndipo kumeneko amayi amabisa ana obadwira pakhomo, osapita nawo kukatemera, kuopa mlandu.

Walira mvula walira matope. Amayi atamvera mafumu ao nadza mwaunyinji, zipatala zazing'ono zidadzaza kuposa mphamvu zake: namwino mmodzi usiku wonse, kuchidikiro anthu kugona mothithikana pamodzi ndi owadikirira, aliyense ndi nkhuni zake, ufa wake, beseni, lumo ndi zitenje zake. Boma likachedwa kubweza ndalama za mapangano aja, zipatala zina za mishoni zimakakamizika kuyambanso kulipiritsa, ndipo wakumudzi sadziwa ngati mwezi uno akalandiridwa ulere kapena ayi. Dziwe la Mpira, limene mipope yake imamwetsa midzi yambiri ya Ntcheu ndi Balaka, lidaphwa mu 2018 mitengo ya m'mapiri a Mvai itatha ndi makala, ndipo aliyense amene adalowapo m'chipinda chochirira adziwa tanthauzo la mpope wouma m'nyumba yotero.

Chinanso nchakuti chipatala chaching'ono chonga cha Nsipe chimathandiza uchembere woyenda bwino, koma mayi wofunika opaleshoni kapena kuikidwa magazi ayenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha pa boma, chimene chimayang'anira anthu 659,608 amene kalembera wa 2018 adawapeza m'boma la Ntcheu. Msewu wa tala ulipo, ndipo pa ichi a ku Nsipe ali ndi mwayi woposa anzao a ku Tsangano kapena a m'chigwa cha Bwanje. Koma ambulansi ndi zochepa, mafuta amasowa, ndipo imodzi ikakhala itapita kukatenga wodwala mbali ina ya boma, namwino wa pa Nsipe amatsala ndi foni m'dzanja limodzi ndi botolo la madzi a m'mitsempha m'dzanja linalo, abale a wodwala ali pamsewu kuimitsa galimoto iliyonse yolowera ku Ntcheu ndi kukambirana mtengo ndi mwini wake.